Mafunso ndi mayankho: zipangizo zofunika popanga buku la zikumbutso lophatikiza ntchito ya pakompyuta ndi ya pamanja

Mabanja ambiri masiku ano ali ndi zithunzi m'malo awiri. Zambirimbiri zili mufoni, pomwe zochepa zakale zili mu envelopu kapena m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ukwati, masatifiketi, makalata ndi mapulogalamu a mwambo wa maliro. Buku la zikumbutso lophatikiza limakumanitsa mbali ziwirizi pa tsamba limodzi, ndipo mafunso ali m'munsimu ndi amene munthu amakumana nawo akafuna kugula zipangizo zoyambira ntchitoyi.

Kodi kuphatikiza ntchito ya pakompyuta ndi ya pamanja n'kutani kwenikweni?

Ndi kukonza mbali ina ya tsamba pa kompyuta kapena pa foni, kuisindikiza, kenaka n'kumaliza ndi manja. Mwachitsanzo, mungasanje zithunzi zinayi za chinkhoswe pa kompyuta, kulembapo mayina ndi tsiku, kusiya malo opanda kanthu mbali imodzi, ndipo mutasindikiza n'kumatapo khadi loitanira anthu lenilenilo ndi kachidutswa ka chitenje chimene amayi anasoka ngati yunifolomu ya tsikulo. Ntchitoyi imayendanso mobwerera, chifukwa chinthu chogwirika monga kalata ya agogo mungachijambule ndi sikana, kuchikulitsa kapena kuchichepetsa, n'kugwiritsa ntchito kope lake pamene chenichenicho chasungidwa pabwino. Tsamba likatha mumalijambulanso lonse kuti abale okhala kutali alione.

Ndalama zanga n'zochepa. Ndiyambe kugula chiyani?

Yambani ndi zinthu zimene zidzakhudza chithunzi kwa zaka zambiri, zomwe ndi pepala, chomatira, pulasitiki yotchingira tsamba ndi inki. Makina amabwera pambuyo. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa, amagula pulinta yokwera mtengo ndi zokongoletsera zambiri, kenaka n'kumata chithunzi chokhacho cha malemu bambo awo ndi selotepi pa pepala la manila. Pulinta mungabwereke kapena kulipira ku situdiyo, koma chithunzi chikadyeka ndi guluu woipa palibe sitolo imene mungakagule china.

Choncho poyamba pakufunika mapepala olimba opanda asidi, timakona tomangira zithunzi, tepi yomata mbali zonse ziwiri yolembedwa kuti ndi yoyenera zithunzi, fayilo ya zingwinjiri yokhala ndi timatumba ta pulasitiki yabwino, cholembera cha inki yosasuluka, pensulo yofewa, sizasi yakuthwa, rula yachitsulo ndi kampeni kodulira mapepala. Kumbali ya pakompyuta, foni imene muli nayoyo ndi yokwanira poyambira, bola pakhale malo achiwiri osungirako mafayilo anu. Zina zonse mudzaziwonjezera mukadziwa mtundu wa masamba amene mumakonda kupanga, ndipo izi zimadziwika mutapanga masamba angapo, osati muli m'sitolo.

Bwanji aliyense amalimbikira za pepala lopanda asidi?

Chifukwa pepala lokhala ndi asidi limadziwononga lokha ndi kuwononganso chimene lagundana nacho. Mu mtengo muli chinthu chotchedwa lignin, chimene chikasiyidwa m'pepala chimasintha ndi kuwala ndiponso mpweya, n'kuchititsa pepalalo kusanduka lachikasu ndi kuthetheka. Aliyense amene anasungapo nyuzipepala kwa zaka zingapo anaona zimenezi ndi maso ake, ndipo mwina anaonanso kuti pepala loyera limene linagona pamwamba pa nyuzipepalayo linatenga banga lofanana ndi kukula kwake.

Pogula, yang'anani mawu akuti acid-free ndi lignin-free pa paketi. Pa muyezo wa asidi wotchedwa pH, pepala lopanda asidi limakhala pa 7 kapena kupitirira pang'ono. Pali zizindikiro zina ziwiri zodalirika kuposa mawu a wogulitsa. Choyamba ndi ISO 9706, muyezo wa mapepala okhalitsa, umene umapezeka ngakhale pa mapaketi ena a mapepala wamba a mu ofesi. Chachiwiri ndi PAT, kuyesa kosonyeza kuti chinthucho sichiwononga zithunzi, komwe kuli pansi pa ISO 18916. Ngati paketi ilibe mawu alionse, pali zolembera zoyesera asidi zimene mzere wake umasintha mtundu malinga ndi pepala, ndipo chimodzi chimakhala nthawi yaitali.

Kulemera kwa pepala kulinso ndi ntchito. Pepala wamba la mu ofesi ndi la 80 gsm, kutanthauza magalamu 80 pa sikweya mita imodzi, ndipo silingathe kunyamula zithunzi ndi nsalu popanda kupindika. Tsamba loyambira likhale la pakati pa 200 ndi 300 gsm, koma musanagule lolemera kwambiri onani m'buku la malangizo a pulinta yanu kuti imalandira pepala lolemera kufika pati, popeza mapulinta ambiri a kunyumba amakanika kukoka pepala lokhuthala.

Ndisankhe tsamba lalikulu bwanji?

Zipangizo zambiri za luso limeneli zimayezedwa m'mainchi chifukwa malonda ake anakulira ku United States, ndipo tsamba lotchuka kumeneko ndi la mainchi 12 mbali zonse, pafupifupi masentimita 30.5. Vuto lake kwa munthu wophatikiza ndi pakompyuta ndi lakuti pulinta wamba imathera pa A4, imene ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, kotero tsamba la mainchi 12 silingalowemo pokhapokha mutakhala ndi pulinta yaikulu ya A3+. Kwa amene ali ku Malawi, Zambia, South Africa kapena Britain, kumene mapepala, mafayilo ndi timatumba ta pulasitiki zimapezeka mosavuta mu A4, nzeru ndi kukhazikika pa A4. Okonda tsamba lofanana mbali zonse angasankhe la mainchi 8, pafupifupi masentimita 20.3, lomwe limakwana bwinobwino pa pepala la A4. Sankhani kukula kumodzi musanagule chikuto, chifukwa kusintha pakati pa ntchito kumatanthauza kukonzanso masamba onse a pakompyuta.

Kodi sikana ndi yofunika, kapena foni ingakwanire?

Sikana ya galasi lafulati imapambana foni pa zinthu zosalala monga zithunzi, makalata ndi masatifiketi, chifukwa kuwala kwake n'kofanana ponseponse ndipo chithunzi sichipendekeka. Mapulinta ambiri a masiku ano amabwera ndi sikana pamwamba, ndipo imeneyo ndi yokwanira. Pukutani galasi ndi kansalu kofewa musanayambe, ndipo musalowetse chithunzi chakale m'kabowo kokoka mapepala kokha, chifukwa timagudumu take tingachikande kapena kuching'amba.

Foni nayo ili ndi malo ake. Chithunzi chimene chinamatirira ku galasi la fulemu sichiyenera kukokedwa, chifukwa nkhope imatsalira pa galasipo. Chijambuleni chili momwemo. Chimodzimodzinso tsamba lomalizidwa lokhala ndi mabatani, mikanda kapena nsalu silingagone bwino pa sikana. Pojambula ndi foni, ikani chinthucho pansi pakhonde pamene pali kuwala kwa masana koma dzuwa silikuwomba mwachindunji, zimitsani fulashi, gwirani foni molunjika pamwamba osaipendeketsa, ndipo samalani kuti mthunzi wa dzanja lanu usagwere pa pepala. Pulogalamu yaulere ya Google PhotoScan imajambula kangapo kuchokera m'makona osiyana n'kuphatikiza zithunzizo kuti ichotse kunyezimira, ndipo imathandiza kwambiri pa zithunzi zonyezimira za ku situdiyo.

Manambala a dpi ndi mapikiselo amandisokoneza. Ndigwire ati?

Gwirani nambala ya 300. Mapikiselo ndi timadontho timene timapanga chithunzi, ndipo dpi ndi kuchuluka kwa timadonthoto pa inchi iliyonse. Kuti chithunzi chituluke chooneka bwino pa pepala, pamafunika mapikiselo pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Motero chithunzi cha masentimita 10 ndi 15, chomwe ndi mainchi 4 ndi 6, chimafuna mapikiselo 1200 ndi 1800. Tsamba la A4 limafuna 2480 ndi 3508. Ndipo la mainchi 12 limafuna 3600 mbali zonse. Foni ya kamera ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha pafupifupi 4000 ndi 3000, chomwe chingadzaze tsamba lonse la A4.

Pa sikana, 300 dpi ndi yokwanira ngati mudzasindikiza pa kukula komweko. Ngati chithunzicho n'chaching'ono, monga tizithunzi ta pa chiphaso timene nthawi zina ndi tokhato totsala ta makolo athu, ikani 600 dpi kapena 1200 dpi kuti mudzathe kukulitsa. Kope loyamba lisungeni ngati fayilo ya mtundu wa TIFF kapena JPEG ya mlingo wapamwamba ndipo musalisinthe. Kukonza kulikonse kuchitike pa kope lachiwiri, popeza JPEG imataya pang'ono ubwino wake nthawi iliyonse imene mwaisintha n'kuisunganso. Zokongoletsera zofuna kuti kumbuyo kwake kukhale koonekera zisungidwe ngati PNG.

Zithunzi zimene abale ananditumizira pa WhatsApp zimatuluka zosaoneka bwino. Chalakwika n'chiyani?

WhatsApp ndi Facebook zimachepetsa zithunzi kuti zisadye bandulo yambiri, ndipo chithunzi chikadutsa m'magulu angapo kapena chikajambulidwa pa sikirini chimakhala chitataya zambiri. Pa foni chimaoneka bwinobwino, koma pepala silibisa kanthu. Pemphani amene anajambulayo kuti atumize kuchokera mufoni yake posankha Document m'malo mwa Gallery, chifukwa njira imeneyi imatumiza fayilo monga momwe ilili. Ngati anajambula ndi iPhone, fayilo ingabwere ngati HEIC, imene makina ena osindikizira saiwerenga, choncho isandutseni JPEG musanapite nayo ku situdiyo. Ngati choyambiriracho chinatayika, sindikizani chimene muli nachocho chaching'ono, chifukwa chithunzi chochepa mapikiselo chimaoneka bwino chikakhala cha masentimita 5 kapena 6 kusiyana n'kuchikakamiza kudzaza tsamba.

Ndigule pulinta yanga kapena ndizisindikiza ku situdiyo?

Ngati mupanga buku limodzi kapena awiri pa chaka, situdiyo ndi yabwino kuposa kugula. Zithunzi zotsukidwa pa pepala lenileni la zithunzi zimakhala zaka zambiri zikasungidwa mumdima wa m'buku, ndipo simuvutika ndi inki youma. Pulinta ya inki ikakhala milungu yambiri osagwira ntchito timabowo take timatsekeka, ndipo kuitsuka kumadya inki yambiri. Amene ali nayo azisindikiza kanthu kakang'ono ka mitundu yonse pafupifupi sabata iliyonse.

Ubwino wa pulinta ya pakhomo ndi ufulu woyesa. Mungasindikize mutu wa tsamba, kuona kuti wakula, kuuchepetsa n'kusindikizanso nthawi yomweyo. Kwa osindikiza kawirikawiri, mapulinta a matanki othiramo inki monga Epson EcoTank ndi Canon PIXMA G amatsika mtengo pa tsamba lililonse kuposa a makatiriji. Funsaninso mtundu wa inki. Inki ya dye imatulutsa mitundu yowala koma imasuluka msanga ndi kuwala ndipo imayenderera ikanyowa, pomwe inki ya pigment imapirira kuwala ndi madzi. Kapulinta kakang'ono ka Canon Selphy kamasindikiza zithunzi za masentimita 10 ndi 15 n'kuzikuta ndi kachikopa kotetezera, ndipo n'kothandiza kwa amene amangofuna zithunzi zokha.

Pulinta ya laser imachita bwino pa mawu ndi mapepala a maluwamaluwa, koma pa nkhope za anthu siifika pa ya inki. Musaike pepala la zithunzi la pulinta ya inki mu laser, chifukwa kutentha kwake kungasungunule zokutira za pepalalo n'kuwononga makinawo. Chimene mwasindikiza ndi inki chisiyeni pamtunda tsiku lathunthu chisanalowe m'pulasitiki.

Bwanji zosindikiza zimatuluka zakuda kuposa pa sikirini, ndipo nthawi zina mitu ya anthu imadulidwa?

Sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, n'chifukwa chake chithunzi chimaoneka chodera chikasindikizidwa. Chepetsani kuwala kwa sikirini pokonza zithunzi, sungani mafayilo mu muyezo wa mitundu wotchedwa sRGB, ndipo sindikizani chimodzi choyesera musanalipire zonse. Izi n'zofunika kwambiri pa nkhope zathu zakuda zojambulidwa m'tchalitchi kapena m'holo, zimene zimamira mumdima ngati simunaziwalitseko pang'ono. Kudulidwa kwa mitu kumabwera chifukwa mafoni ambiri amajambula pa muyezo wa litali ndi lifupi wa 4:3 pomwe pepala la masentimita 10 ndi 15 ndi la 3:2, ndiye makina amadula okha m'mphepete kuti chithunzi chidzaze pepala. Dulani nokha pa foni kapena pa kompyuta musanapereke fayilo, kuti musankhe inuyo chimene chichoke.

Ndimate ndi chiyani, ndipo ndipewe chiyani?

Apa ndi pamene mabuku ambiri amawonongekera. Chithunzi chenicheni chimene chilibe kope lina chisakhudzane ndi guluu wa mtundu uliwonse. Chimangeni ndi timakona, tomwe ndi timatumba tating'ono tomata pa tsamba, ndipo makona anayi a chithunzi amangolowamo, kotero kuti tsiku lina mwana wanu angachitulutse n'kuwerenga zimene zinalembedwa kumbuyo. Zithunzi zimene mwasindikiza kuchokera pa fayilo mungazimate ndi tepi ya mbali ziwiri yopanda asidi, chifukwa zikawonongeka mudzasindikiza zina. Guluu wolimba wopaka ngati sopo, wotchedwa glue stick, ndi woyenera mapepala opepuka okha, ndipo amatha kumatuka pakapita zaka. Nsalu ndi zinthu zolemerako zimafuna guluu woyera wa PVA wopanda asidi, wopakidwa pang'ono kwambiri ndi kaburashi, chifukwa guluu wamadzi akachuluka amakwinyitsa pepala.

Pewani selotepi, imene imasanduka yachikasu, kuuma n'kugwa, koma n'kusiya banga la mafuta losachoka. Pewani super glue ndi guluu womatira nsapato. Pewani mapini, mawaya a sitepula ndi timapepakilipi, zomwe zimachita dzimbiri nyengo ya dzinja, komanso mphira zomangira zimene zimasungunukira pa chithunzi. Phala la ufa wa chinangwa kapena wa tirigu limamata ndithu, koma limaitana mphemvu ndi tizilombo tina todya mapepala.

Pulasitiki nayonso si yofanana. Timatumba ta PVC, timene timamveka fungo lamphamvu la pulasitiki tikakhala tatsopano, timatulutsa mankhwala owononga zithunzi ndipo timakoka zilembo za fotokope mpaka kutsalira pa pulasitikipo. Sankhani ta polypropylene, polyethylene kapena polyester. Ma alubamu akale aja a masamba onata okutidwa ndi pulasitiki yomatula ali ndi vuto lomweli. Ngati zithunzi za banja lanu zili m'menemo, zijambuleni ndi sikana zili pa tsamba pomwepo musanayese kuzichotsa, kenaka lowetsani pang'onopang'ono ulusi wotsukira m'mano wopanda phula pansi pa chithunzi, ndipo chikakana chisiyeni.

Nanga makina odula okha monga Cricut ndi ofunika?

Ayi, si ofunika poyamba. Kampeni kakuthwa, rula yachitsulo ndi mphasa yodulirapo zimagwira pafupifupi ntchito yonse, ndipo chodulira mapepala chokhala ndi mpeni woyenda mu njanji chimathandiza amene amadula zithunzi zambiri. Rula ya pulasitiki imasemeka ndi mpeni, ndipo mpeni wobuntha umatafuna m'mphepete mwa chithunzi, choncho sinthani lezala lake kawirikawiri.

Makina a Cricut, Silhouette Cameo ndi Brother ScanNCut amadula zilembo ndi zojambula kuchokera pa fayilo, ndipo amathanso kudula mozungulira chinthu chimene mwasindikiza. Ofuna kugula aganizire za intaneti ndi kupezeka kwa mipeni ndi mphasa zosinthira kumene akukhala. Pulogalamu ya Cricut imadalira kwambiri intaneti, ya Silhouette imagwira ntchito zambiri popanda intaneti, pomwe ScanNCut ili ndi sikana yakeyake ndipo ingadule popanda kompyuta.

Ndigwiritse ntchito pulogalamu iti pokonza masamba?

Canva ndi yosavuta kuphunzira ndipo imagwira pa foni, koma imafuna intaneti. GIMP ndi Inkscape ndi zaulere, zimagwira pa kompyuta popanda intaneti, ngakhale zimafuna kuleza mtima pophunzira. Adobe Photoshop Elements ndi yogula, ndipo anthu ambiri a luso limeneli amaikonda chifukwa zokongoletsera zambiri zogulitsidwa pa intaneti zimakonzedwa moganizira mapulogalamu a Adobe. Ngakhale Word kapena PowerPoint zingasanje zithunzi ndi mawu pa A4, bola muzimitse kachitidwe kochepetsa zithunzi posunga fayilo.

Posankha kalembedwe ka zilembo, yesani kaye ngati kali ndi chilembo cha ŵ, chifukwa mitundu yambiri yokongola ilibe, ndipo dzina la munthu kapena la mudzi lingatuluke ndi kabokosi pakati. Mukagula kapena kukopera zokongoletsera, werengani chilolezo chake, popeza zambiri n'zololedwa kugwiritsa ntchito pa zanu zokha, osati pa mabuku opangira makasitomala.

Ndilembe ndi chiyani?

Pa tsamba lembani ndi cholembera cha inki ya pigment, monga Sakura Pigma Micron, chimene sichisuluka kapena kuyenderera chikauma. Kumbuyo kwa chithunzi chakale lembani ndi pensulo yofewa ya 2B kapena kuposerapo, m'mphepete, chithunzicho chili pa thebulo lolimba ndipo osakanikiza. Bolopeni imasiya mizere yotukuka kutsogolo, ndipo inki yake imalowerera pakapita nthawi. Ndikulimbikitsa kuti ngakhale kompyuta ilembe mokongola chotani, tsamba lililonse likhale ndi mizere ingapo ya dzanja lanu, ndipo ngati agogo akadali moyo apatseni cholembera alembe okha mayina a anthu amene ali pa chithunzi, mfunda wawo ndi mudzi wawo. Mawu akuti "amalume" okha sadzathandiza mdzukulu amene sanawaonepo.

Kodi ndilaminete masatifiketi, nkhani za m'nyuzipepala ndi malisiti ndisanaziike m'buku?

Musatero. Kulamineta kumamatiriza pulasitiki ku pepala ndi kutentha, ndipo sikungabwezedwe popanda kuwononga chikalatacho. Satifiketi ya MSCE, ya ubatizo kapena ya ukwati ijambuleni ndi sikana, muike kope m'buku, yeniyeniyo ikhale m'kathumba ka polyester kosamata. Nkhani ya m'nyuzipepala ijambuleninso n'kuisindikiza pa pepala labwino. Ngati mukufuna kuti yeniyeniyo ionekere, ikhale m'kathumba kakekake kuti isagundane ndi chithunzi. Malisiti ndi matikiti ambiri amasindikizidwa pa pepala lomva kutentha, lomwe zilembo zake zimazilala m'miyezi kapena zaka zochepa ndipo limada lonse likalowa m'makina olaminetera, choncho ajambuleni sabata yomweyo.

Chitenje chili ndi njira ziwiri. Kachidutswa kenikeni kachapidwe kaye kuti kachoke sitalichi ndi utoto wotsala, kaume bwino, kasitidwe, ndipo kamatidwe potalikirako ndi chithunzi. Njira ina ndi kuyala nsaluyo pa sikana n'kusandutsa maluwa ake kukhala pepala la kumbuyo kwa tsamba, kenaka n'kuchepetsa mphamvu ya mitundu pa kompyuta kuti isaphimbe nkhope. Mwa njira imeneyi chitenje chimodzi cha mayi anu chingakongoletse mabuku a ana awo onse popanda kuchidula. Maluwa ndi masamba ouma aziikidwa m'kathumba kotseka, chifukwa amasiya mabanga.

Ndingaphatikize bwanji mavidiyo ndi mawu ojambulidwa?

Njira yofala ndi kusindikiza QR code pa tsamba, imene munthu akailoza ndi foni imamutengera ku vidiyo ya kwaya ya pa ukwati kapena mawu a agogo akufotokoza mbiri ya banja. Isindikizeni yakuda pa pepala loyera, yosachepera masentimita 2 mbali zonse, ndi malo opanda kanthu mozungulira, ndipo iyeseni musanaimate. Dziwani kuti QR code siisunga vidiyoyo, imangosunga adiresi yake, kotero fayilo ikachotsedwa kapena akaunti ikatsekedwa imasanduka chokongoletsera chabe. Pewani makampani amene amapereka QR code yodutsa pa adiresi yawo n'kumafuna malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo pansi pake lembani ndi dzanja dzina la fayilo ndi chidule cha zimene zili m'vidiyomo. Onetsetsaninso amene angatsegule adiresiyo, makamaka ngati muli ana kapena zikalata zokhala ndi manambala a chiphaso.

Mafayilo ndiwasunge kuti?

Osunga zakale amatsata lamulo la 3-2-1, kutanthauza makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba yanu. Kwa munthu wamba zimenezi zingakhale kompyuta kapena foni, hadi dirayivu yapadera, ndi malo a pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, koma imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, choncho imadzadza msanga ndi mavidiyo. Fulashi ndi memori khadi n'zonyamulira mafayilo, si zosungiramo kwa zaka, chifukwa zimatayika, zimafa mwadzidzidzi ndiponso zimatenga mavairasi m'makompyuta a anthu ambiri. Popita kokasindikiza tengani fulashi yokhala ndi makope okha. Kumene magetsi amazimazima, musasiye hadi dirayivu ili yolumikizidwa nthawi zonse.

Mayina a mafayilo ayambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, monga 2019-08-24 kenaka mwambo ndi malo, kuti azidzisanja okha motsatana. Pa tsamba lililonse sungani fayilo yosinthika ya pulogalamu imene munagwiritsa ntchito pamodzi ndi kope la JPEG kapena PDF, chifukwa mapulogalamu amasintha ndipo ena amatha. Kamodzi pa chaka tsegulani dirayivuyo muone ngati ikuwerengabe.

Buku likatha ndilisunge motani?

Adani ake ndi chinyezi, kutentha, kuwala ndi tizilombo. M'miyezi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chimamatiriza zithunzi ku pulasitiki ndi kubweretsa nguwi, makamaka m'madera a m'mphepete mwa nyanja ndi m'nyumba zongomangidwa kumene. Musaike bukulo pansi, pafupi ndi khoma lakunja, kukhitchini kapena pamwamba pa wadiropu pansi pa malata pomwe kutentha kumasonkhana masana. Malo abwino ndi shelefu ya m'kabati ya chipinda chamkati, bukulo litaima chilili ngati masamba ake ali ndi zinthu zotukuka, kuti zisadindike pa zithunzi za tsamba loyang'anizana nalo.

Ngati mukulitsekera m'bokosi la pulasitiki poopa chiswe ndi mphemvu, litsekeni tsiku louma ndipo muikemo timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi. Timapaketiti tikakhuta chinyezi timasiya kugwira ntchito, choncho tisintheni mvula isanayambe ndiponso pakati pa dzinja. Musapopere mankhwala ophera tizilombo pa bukulo, ndipo mukaona kadontho ka nguwi chotsani tsambalo msanga, liumitseni pamthunzi podutsa mphepo, kenaka mulilowetse m'kathumba katsopano.